Laputopu ikauma polowetsa pasiwedi, musathamangire kuifomata

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi aphunzitsi, ophunzira, alembi a m'maofesi ndi eni mashopu otayipa ndi kupulinta a kuno ku Dedza, ku Ntcheu ndi m'misika yonse ya m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira pa Linthipe mpaka pa Lizulu ndi kupitirira. Pali vuto limene likutayitsa anthu mafayilo awo popanda chifukwa. Munthu wayatsa laputopu, chizindikiro cha HP, Dell kapena Lenovo chaoneka bwinobwino, walemba pasiwedi, wadina Enter, kenako timadontho tija tangoyamba kuzungulira pafupi ndi mawu akuti Welcome, osasiya. Pena sikirini imangoda, n'kutsala kamuvi ka mausi kokha. Penanso laputopu imauma munthu asanalembe n'komwe pasiwediyo. Akapita nayo kwa wokonza, yankho lachangu ndi lakuti "tiifomate basi." Ife amene timagwira ntchito yokonza makompyuta tikukana. Nthawi zambiri mafayilo amakhala adakalimo onse, ndipo ngati chavuta ndi hadi disiki, kuika Windows yatsopano kuli ngati kuthira chimanga chatsopano m'nkhokwe yodontha. Pakapita masabata ochepa laputopu iumanso, malipoti, mndandanda wa malikisi a ana ndi zithunzi zonse zitapita kale.

Chifukwa chake imauma pamalo amenewa n'chomveka. Mukadina Enter, Windows imayamba ntchito zambiri nthawi imodzi. Imatsimikiza pasiwedi, imatsegula fayilo yobisika yotchedwa NTUSER.DAT imene ili mu foda yanu pa C:\Users, momwe mumasungidwa makonzedwe onse a akaunti yanu, imadzutsa explorer.exe imene imaonetsa desktop, ndiponso imayatsa mapulogalamu onse amene anadziika kuti aziyamba okha, monga antivirus, OneDrive, Teams, pulogalamu ya pulinta ndi ya modemu. Pa mphindi imeneyi disiki imawerengedwa mwamphamvu, RAM (malo amene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito) imadzaza, purosesa imayamba kutentha. Chilichonse chimene chafooka m'kati chimaonekera pompano. N'chifukwa chake zizindikiro zimafanana ngakhale matenda ake ali osiyanasiyana, ndipo ntchito yonse yagona pa kusiyanitsa.

Musanaizimitse, dinani batani la Caps Lock kangapo muone ngati kanyali kake kakuyaka ndi kuzima. Ngati kakusintha, makina akugwirabe ntchito, pali chinthu chimodzi chimene akuyembekeza. Ngati kangokhala chimodzimodzi, ndipo mausi sakusuntha, ndiye kuti yaumadi, ndipo maganizo apite ku RAM, kutentha kapena driver ya zithunzi, kapulogalamu kamene kamayendetsa zooneka pa sikirini. Ngati laputopu yanu ili ndi kanyali ka disiki m'mbali, kayang'aneni. Kakamaphethira, disiki ikugwira ntchito, ndiye dikirani mphindi 20, kapena mpaka ola lathunthu ngati dzulo lake inkaika update ndipo disiki yake ndi yozungulira. Kakangoyaka osazima kwa nthawi yaitali, disiki ikulimbana ndi malo amene ikulephera kuwerenga.

Sikirini ikakhala yakuda koma kamuvi kakusuntha, dinani pamodzi Windows, Ctrl, Shift ndi B. Mumva kaphokoso, sikirini iphethira, ndipo driver ya zithunzi iyambiranso. Zikakanika dinani Ctrl, Shift ndi Esc. Task Manager ikatuluka, pezani Run new task, lembani explorer.exe n'kudina Enter. Desktop ikabwera, mwalowa, ndipo chinthu choyamba kuchita ndi kukopera mafayilo. Amene mumalumikiza laputopu ku projekita pamisonkhano yesaninso Windows ndi P, chifukwa nthawi zina chithunzi chimakhala chikutumizidwa ku sikirini yachiwiri imene palibe.

Zonsezi zikalephera, kanikizani batani loyatsira kwa masekondi 10 mpaka izime. Chotsani chilichonse cholumikizidwa: fulashi, modemu, pulinta, mausi, memory card, foni imene mumachajira pa USB. Chotsani chaja, ndi batire ngati ndi lochotseka, kanikizaninso batani loyatsira kwa masekondi 30 kuti magetsi otsalira pa bodi athe, kenako bwezerani ndi kuyatsa. Mukafika polemba pasiwedi, musalembe msanga. Pansi chakumanja pali chizindikiro cha netiweki, dinani pamenepo muike Airplane mode. Malaputopu ambiri amene timagula kuno anagwirapo ntchito m'makampani akunja, ndipo ena amakhala akufunafunabe seva ya kampaniyo. Enanso ali ndi akaunti ya Microsoft imene imayesa kulankhula ndi intaneti kudzera pa hotspot ya foni, ndipo netiweki ikakhala yofooka, monga zimakhalira kuseri kwa mapiri a kuno, kulowa kumatenga nthawi yaitali kwambiri. Popanda netiweki Windows imagwiritsa ntchito pasiwedi imene inasunga kale.

Pafupi ndi chizindikiro chimenecho pali cha magetsi. Sankhani Restart, musasankhe Shut down. Anthu ambiri sadziwa kuti kuyambira pa Windows 8, imene inatuluka mu 2012, Shut down sizimitsa zonse. Pali chinthu chotchedwa Fast Startup chimene chimasunga mbali ya Windows mu fayilo ya hiberfil.sys kuti mawa iyake msanga. Ngati chimene chinasungidwacho ndi chowonongeka, mungazimitse ndi kuyatsa kakhumi, vuto lomwelo lizibwerera. Restart ndiyo imayamba zonse mwatsopano. Mukalowa, tsegulani Command Prompt (kawindo kakuda kolembamo malamulo) ngati administrator, lembani powercfg /h off. Lamulo limeneli limathetsa Fast Startup ndi Hibernate, limafufuta fayiloyo, ndipo limakubwezerani malo okwana ma GB angapo.

Tsopano Safe Mode, njira yoyatsira Windows ndi zofunikira zokhazokha, koma muyambe mwamva chenjezo ili. Malaputopu ambiri atsopano, makamaka a Windows 11 amene munalowa ndi akaunti ya Microsoft, disiki yake imakhala yokhomedwa ndi BitLocker mwini wake osadziwa. Mukafuna kulowa m'zida zokonzera, kapena kuchotsa disiki kuti muiwerengere pa kompyuta ina, ikufunsani kiyi ya manambala 48. Kiyi imeneyi imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft, ndipo mutha kuiona pa foni mutalowa mu akauntiyo pa intaneti. Ilembeni papepala lero laputopu ikadali bwino. Palibe mmisiri wa ku Dedza, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amene angatsegule disiki yotere popanda kiyiyo.

Kuti mufike ku Safe Mode, gwirani Shift osasiya uku mukudina Restart. Ngati sikirini sikulola ngakhale zimenezo, yatsani laputopu, ndipo timadontho tikangoyamba kuzungulira izimitseni ndi batani. Mukatero kawiri kapena katatu, idzalemba Preparing Automatic Repair n'kukufikitsani pa sikirini ya buluu. Pitani pa Advanced options, Troubleshoot, Advanced options kachiwiri, Startup Settings, Restart, kenako dinani 4. Nthawi zina PIN sigwira m'menemu, imafuna pasiwedi yeniyeni ya akaunti. Safe Mode imayatsa Windows yokha ndi ma driver ochepa ofunikira. Njira imeneyi si yachibwana. Pa 19 July 2024, update yolakwika ya kampani ya CrowdStrike itagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni padziko lonse, mabanki ndi mabwalo a ndege anawadzutsa polowa mu Safe Mode n'kufufuta fayilo imodzi.

Mukalowa mu Safe Mode, musayambe kukonza. Lumikizani fulashi kapena disiki yakunja, koperani Desktop, Documents, Pictures ndi Downloads. Mukamaliza ndiye muyang'ane malo otsala pa C. Mzere wake ukafiira, vuto likhoza kukhala lomwelo, chifukwa Windows imafuna malo olembapo polowa. Siyani ma GB osachepera 15. Malaputopu ang'onoang'ono a 32 GB kapena 64 GB amadzaza ndi mafilimu ochepa chabe. Onaninso ngati muli ma antivirus awiri. Awiriwo amalimbirana fayilo iliyonse imene ikutsegulidwa, ndipo Windows 10 ndi 11 zili kale ndi Defender yake, imene ndi yokwanira kwa anthu ambiri. Chotsani owonjezerawo.

Kuti mugwire pulogalamu imene ikuumitsa, dinani Windows ndi R, lembani msconfig, pitani pa Services, chongani Hide all Microsoft services, kenako Disable all. Musaiwale kuchonga kabokosi kameneko, apo ayi muzimitsa zofunika za Windows ndipo PIN ikhoza kukana. Mu Task Manager zimitsaninso zonse za pa Startup. Laputopu ikalowa bwino, bwezerani theka la zimene munazimitsa, yesani, kenako theka la theka, mpaka mutapeza wolakwa. Ngati vuto linayamba driver ya zithunzi itasintha, tsegulani Device Manager, Display adapters, Properties, Driver, Roll Back Driver. Ngati linayamba pambuyo pa update, pa sikirini ya buluu ija pali Uninstall Updates, sankhani latest quality update. Microsoft imatulutsa ma update ake Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, kuno amafika madzulo, choncho laputopu ikauma Lachitatu kapena Lachinayi la sabata imeneyo, kayikirani update. Choopsa kwambiri ndi magetsi kuzima update ili pakati pa laputopu imene batire lake linafa. Ngati batire lanu silisunga moto, musalole update kuyamba pokhapokha muli pa sola kapena pa UPS, kabokosi kosunga magetsi.

Kuzima kwadzidzidzi komweku ndi kumene kumawononga NTUSER.DAT. Kuti mudziwe ngati vuto ndi akaunti yokha, mu Command Prompt ya administrator lembani net user mayeso /add, kenako net localgroup administrators mayeso /add. Yatsaninso mulowe pa akaunti ya mayeso. Ikalowa msanga, Windows ilibe vuto, yawonongeka ndi akaunti yakale. Samutsani mafoda anu kuchoka mu C:\Users, koma musakopere NTUSER.DAT, ndipo akaunti yatsopanoyo muiikire pasiwedi. Ena amalowa n'kupeza desktop yopanda kanthu ndi uthenga wonena za temporary profile, n'kuyamba kulira kuti zonse zapita. Mafayilo alipo mu foda yakale. Chimene muyenera kupewa ndi kusunga ntchito yatsopano m'menemo, chifukwa imafufutika mukangotuluka.

Tifike pa hadi disiki, chifukwa pa malaputopu akale amene ali ambiri kuno, wolakwa kawirikawiri ndi ameneyu, ndipo apa ndi pamene kulakwitsa kumapweteka. M'kati mwa disiki yozungulira muli timbale timene timazungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamutu kowerenga kamene kamayandama pafupi kwambiri osakhudza. Munthu akatseka chivundikiro n'kuponya laputopu m'chikwama nthawi yomweyo, disiki imakhala isanaime, ndipo pena laputopu imadzuka yokha m'chikwamamo. Akakwera kabaza kapena njinga yamoto pa msewu wa fumbi wokumbika, kamutu kaja kamagunda mbale n'kusiya malo owonongeka. Windows ikafuna fayilo imene ili pamalo otero, disiki imayesa kuwerenga mobwerezabwereza kwa masekondi angapo pa kachigawo kalikonse, ndipo zonse zimaima kudikira. Disiki yotere ikhoza kulowa mu Safe Mode bwinobwino popeza mowerenga ndi mochepa, ndiye musanamizike kuti ili bwino.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Pa HP, mukangoyatsa dinani Esc kenako F2, muyeze Storage kapena Hard Drive. Ikalemba kuti Short DST yalephera, disiki yatha. Pa Dell dinani F12 musankhe Diagnostics, ndipo nambala ya 2000-0142 ikutanthauza zomwezo. Ngati mwalowa mu Windows, pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga zimene disiki imalemba yokha za thanzi lake. Ikaonetsa Caution yachikasu, yang'anani mizere ya 05, C5 ndi C6. Wa C5 ndi zigawo zimene disiki yalephera kuwerenga ndipo ikuyembekeza kuzisamutsa, ndipo nambala yake ya pa Raw Values ikakhala yoposa 0, disikiyo musaidalirenso. Mu Event Viewer, pa Windows Logs ndi System, mauthenga ochokera ku disk okhala ndi nambala 7, 51 kapena 153 amaloza komweko. Khutu nalonso limathandiza. Mukamva kaphokoso ka "tiki, tiki" kobwerezabwereza pansi pa kiyibodi, zimitsani nthawi yomweyo.

Pa disiki yodwala musayendetse chkdsk /r, ngakhale wina atakuuzani kuti imakonza. Lamulo limeneli limakakamiza disiki kuwerenga chigawo chilichonse kwa maola ambiri, ndipo disiki yofooka ikhoza kuferatu pakati, mafayilo asanapulumutsidwe. Kuyatsa ndi kuzimitsa mobwerezabwereza nakonso kumaifooketsa. Njira yabwino ndi kuisiya Windows pambali. Pa kompyuta ina ikani Ubuntu kapena Linux Mint, zimene zimayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, pa fulashi ya 8 GB pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Rufus. Yatsirani laputopu pa fulashiyo podina F9 pa HP, F12 pa Dell ndi Lenovo, ndipo musankhe kuyesa chabe, musadine Install. Disiki yanu ioneka ngati foda. Nthawi zina imalola kuwerenga kokha chifukwa cha Fast Startup ija, koma pokopera zimenezo n'zokwanira. Njira ina ndi kumasula disiki n'kuiika m'kabokosi ka USB ka SATA ka mainchesi 2.5. Yambani ndi mafayilo ang'onoang'ono ofunika kwambiri, a Word, a Excel ndi a PDF, kenako zithunzi, mavidiyo pomaliza. Fayilo ikakana, idumpheni, musaikakamize. Kwa amisiri anzathu, pulogalamu ya ddrescue imakopera kaye malo abwino onse n'kubwerera ku owonongeka pambuyo, ndipo ndi imene tiyenera kugwiritsa ntchito pa disiki imene yayamba kukana.

Polowetsa m'malo, musagulenso disiki yozungulira ya kaunjika. SSD ya SATA ya 256 GB imalowa pamalo omwewo, ilibe chozungulira m'kati, siopa kugwedezeka kwa pamsewu, ndipo laputopu ya zaka 8 imayaka m'masekondi osakwana 30. Malaputopu atsopano ali ndi kagawo ka M.2 kolowetsamo SSD yaing'ono, ndiye onani kaye ngati kamalandira ya mtundu wa SATA kapena wa NVMe musanalipire.

Disiki ikapezeka kuti ili bwino, apo ndiye mu Command Prompt ya administrator yendetsani chkdsk C: /f, kenako sfc /scannow. Ikanena kuti yalephera kukonza mafayilo ena, lembani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth n'kubwereza sfc. DISM imakoka mafayilo pa intaneti, ndiye khalani ndi bandulo yokwanira.

Za RAM sizichuluka. Chotsani batire, masulani RAM, pukutani timano take tagolide ndi labala ya pensulo, bwezerani mpaka timvekere kuti tagwira. Zikakhala ziwiri yesani imodzi imodzi. Lamulo la mdsched limayeza RAM. Pogula, dziwani kuti DDR3L imayendera 1.35V pamene DDR3 wamba ndi 1.5V, ndipo malaputopu ambiri ofuna DDR3L amakana inayo kapena amauma nayo.

Kutentha anthu a kuno amakupeputsa poganiza kuti Dedza ndi kozizira. Koma m'miyezi ya June ndi July laputopu imagwiritsidwa ntchito pabedi, pamwamba pa bulangete limene limatseka mabowo opumira, ndipo kuyambira August mpaka mvula itagwa fumbi limalowa n'kupanga kachiguduli pakati pa fani ndi timapepe tamkuwa totulutsa mpweya. Ikani dzanja potulukira mpweya. Ngati fani ikulira kwambiri koma mpweya ukutuluka pang'ono, mwatsekeka. Pulogalamu ya Core Temp ikaonetsa madigiri oposa 90 musakuchita chilichonse, itseguleni, chotsani kachiguduliko ndi burashi, gwirani fani ndi chala pouzira mpweya kuti isazungulire mopitirira, pukutani thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa) yakale youma n'kuika kadontho kamodzi katsopano pakati pa purosesa. Mankhwala otsukira mano amene ena amapaka pamenepa amauma m'masiku ochepa ndipo amawononga.

Chaja nayo muiyese. Yatsani ndi batire lokha, kenako ndi chaja. Dell imazindikira chaja yake kudzera pa kawaya ka pakati pa pulagi, ndipo ikalephera kuizindikira imachenjeza poyaka n'kuchepetsa liwiro la purosesa kwambiri, mpaka kulowa kumaoneka ngati kuuma. Werengani pansi pa laputopu: HP ndi Dell zambiri zimafuna 19.5V, Lenovo 20V, ndipo chaja ya 45W singakwanire pamene pakufunika 65W. Mukaona kuti tsiku ndi nthawi zikubwerera m'mbuyo nthawi iliyonse batire likatha, kabatire ka CMOS ka 3V kamene kamasunga nthawi katha mphamvu, ndipo tsiku lolakwika limalepheretsa akaunti ya Microsoft kulumikizana ndi intaneti.

Zonse zikakanika, disiki ili bwino ndipo mafayilo akopedwa, pa Troubleshoot pali Reset this PC ndi Keep my files, imene imachotsa mapulogalamu n'kusiya mafayilo anu. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0 ndiponso, pa malaputopu a Intel, purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, choncho funsani ngati laputopu yanu ikukwanitsa musanalole kuti ikakamizidwe. Windows zodulidwadulidwa zimene zimayenda pa mafulashi m'misika muzikane, chifukwa simudziwa chimene anachotsamo ndi chimene anaikamo.

Kwa akuluakulu a sukulu ndi maofesi, pempho lathu ndi lakuti laputopu ikamapita kwa wokonza, wopita nayo afunse zinthu izi asanavomere kufomata: aonetsedwe zotsatira za kuyeza disiki, aone mafayilo ake atakopedwa ndipo atsegule angapo yekha kuti atsimikize kuti akutseguka. Disiki ikasinthidwa, yakaleyo atenge n'kubwerera nayo ku ofesi, chifukwa ngakhale ikukana kuyatsa Windows, mayina a ana, malipiro a antchito ndi makalata a ofesi akhoza kuwerengekabe.

Amisiri okonza makompyuta,
Dedza boma